Ana Athu ndi Nyumba ya Makamera



Mthenga Wabwino umene taŵerenga, wolembedwa ndi Marko Woyera pa mutu 6, ukutiloŵetsa m'nyumba ya mfumu Herode pa tsiku la phwando. Mtsikana adavina pamaso pa nduna ndi akulu a asilikali, onse nakondwa, mpaka mfumu idachita kulumbira kuti imupatsa mphotho iliyonse imene angatchule. Mwanayo, posadziŵa choti atchule, adapita kukafunsa mai wake, ndipo malangizo a maiyo ndiwo adaphetsa Yohane Mbatizi. Tikamva nkhani imeneyi timafulumira kudzudzula mtsikanayo. Koma phwando adakonza ndani? Mphotho adalonjeza ndani? Nanga adamlangiza ndani? Onsewo adali akuluakulu.

Phwando lotere lilipo ndi lero lomwe, ndipo limaloŵa m'nyumba zathu kudzera pa wailesi ya kanema ndi pa foni. Tikunena mapulogalamu aja amene amasonkhanitsa anthu osadziŵana nkuŵatsekera m'nyumba imodzi, makamera akuŵajambula usana ndi usiku, kenaka oonera nkumasankha woti achoke ndi woti atsale. Pulogalamu yotchuka ya mtundu umenewu, Big Brother, idayamba ku Netherlands m'chaka cha 1999, chaka chomwe kuno kwathu Television Malawi idatsegulidwa. Mu 2003 kudabwera Big Brother Africa: anthu 12 ochokera m'maiko 12, pamodzi ndi Malaŵi, adatsekeredwa m'nyumba ku Johannesburg masiku 106, ndipo Cherise Makubale wa ku Zambia adapambana madola 100,000. Mu 2008 mwana wa kwathu, Hazel Warren, adatsala pang'ono kupambana, nakhala wachiŵiri. Mpikisano umenewu udalekeka mu 2014, koma mbeu yake idamera kale, pakuti mapulogalamu ena ofanana nawo akuonetsedwabe, ndipo tizidutswa take timayenda m'mafoni a ana athu.

Achikulire akukumbukira kuti mu Ogasiti 2003 aphungu a Nyumba ya Malamulo adaletsa kuti pulogalamuyo isaonetsedwe pa kanema wa boma, ati idali kuononga makhalidwe. Sipadapite nthaŵi, Bwalo Lalikulu la milandu lidachotsa chiletsocho. Pamenepa pali phunziro lathu: lamulo la boma silingatilerere ana. Ntchito imeneyo Mulungu adaipereka kwa makolo.

Tisaname kuti zonse nzoipa. Anthu a maiko osiyanasiyana a mu Afrika adadziŵana kudzera m'mapulogalamu otere, ndipo mipikisano ya kuimba yaulula luso la achinyamata ambiri amene akadafera m'mudzi osadziŵika. Komabe makolo athu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tiyeni tiung'ambe mkuyuwo.

Nyerere yoyamba ndi bodza lakuti zimene tikuonazo ndi moyo weniweni. Anthu aja sadagwe m'nyumbamo mwangozi ai. Adachita kusankhidwa pakati pa ambirimbiri, ndipo osankhawo amafuna anthu amene angakangane kapena kukopana. Akaloŵa amaŵalanda mafoni, samva nkhani za kunja, ntchito yeniyeni alibe, ndipo pa maphwando amaŵapatsa moŵa. Makamera amajambula maola 24, koma chimene ambiri amaona ndi chidule chokonzedwa ndi akatswiri, amene amataya maola a bata nasunga mphindi za ndeu, za misozi ndi za chilakolako. Chifukwa chake nchapoyera: oonera akachuluka, amalonda amalipira zambiri kuti katundu wao alengezedwe. Wamkulu angathe kuzindikira zimenezi. Mwana wa zaka 14 amaganiza kuti ndimo m'mene amakhalira anthu otsogola.

Nyerere yachiŵiri ndi chiphunzitso chakuti mnzako ndi chopinga. M'nyumba muja munthu amadya ndi mnzake mbale imodzi, kenaka nkukaloŵa m'kachipinda kobisika kukamtchula kuti achotsedwe. Miseche imasanduka nzeru, chinyengo nkumatchedwa kuchenjera. Mwana amene waona izi miyezi itatu, kodi tidzadabwa akayamba kuchita zomwezo kusukulu, kupatula mnzake kapena kumchititsa manyazi pa WhatsApp?

Nyerere yachitatu ikudya ulemu wa thupi. Mtsikana amaphunzira kuti mtengo wake uli pa nkhope, pa khungu ndi pa chovala. Mnyamata amaphunzira kuti chikondi ndi maseŵera a masabata aŵiri. Zimene mwambo wathu ndi chikhristu chathu zimaphimba ndi ulemu, kumeneko zimaikidwa pa msika. Mwana wosauka akadziyerekeza ndi anthu aja amayamba kunyoza nyumba ya bambo wake, amaona sukulu ngati njira yaitali yotopetsa, pakuti waona wina akulemera m'masiku 106 popanda khasu kapena cholembera. Saŵerenga kuti wopambana adali mmodzi, enawo adabwerera kwao.

Ndipo kutchuka kuli ndi mtolo wake. Ku Britain, anthu aŵiri amene adaonekerapo m'pulogalamu ya Love Island adadzipha, wina mu 2018, wina mu 2019. Si kwa ife kuweruza zimene zidali m'mitima mwao, tiŵapempherere. Koma imfa zotere zidadzidzimutsa dziko lija, kotero kuti mu 2021 bungwe loyang'anira mawailesi kumeneko, Ofcom, lidakhwimitsa malamulo oteteza anthu oloŵa m'mapulogalamu. Ngati akuluakulu asoŵa chitetezo, nanji ana?

Tsono tichite chiyani? Eklezia sadana ndi kanema. Msonkhano Wachiŵiri wa ku Vatican, m'chikalata chake chotchedwa Inter Mirifica cha mu 1963, udayamikira zipangizo zofalitsira nkhani, komanso udakumbutsa makolo za udindo wao wolonda zimene zikuloŵa m'nyumba mwao. Kulonda si kungozimitsa kanema ndi ukali, chifukwa mwana adzapita kukaonera kwa anansi kapena m'kanyumba ka kanema pa msika. Pulogalamu imene yalembedwa kuti ndi ya a zaka 16 kapena 18, mwana wosafika msinkhuwo asaione, ndipo ife tomwe tisaiyatse iye ali pomwepo. Zimene zili zololedwa, tikhale pansi tionere naye, timufunse kuti: Kodi kamera ija yatibisira chiyani? Apindula ndani ndi ndeu imeneyi? Akadakhala mlongo wako, ukadakondwa? Mafunso otere amatsekula maso kuposa chikwapu.

Inu akatekisti, nkhani zimenezi zisakhale zachilendo pa maphunziro a Ulimbitso. Ana amazikamba pa njira. Azikambenso pamaso panu mopanda mantha. M'miphakati mwathu tiŵapatse achinyamata pooneka: kwaya, maseŵero, mpira, kuchezera odwala. Mwana amafuna kuti wina amuone ndi kumuyamika. Tikapanda kumuona ife, adzakafuna maso a alendo.

Ndipo inu achinyamata, kumbukirani kuti pamene Samuele ankafuna mfumu pakati pa ana a Yese, Mulungu adasiya ooneka bwino aja nasankha Davide amene adali kubusa, kopanda womuona. Mtengo wanu suchokera kwa anthu oponya mavoti. Udaikidwa kale pa tsiku la Ubatizo wanu, ndipo m'nyumba ya Atate palibe wokuchotsani chifukwa choti simukusangalatsa.

Abale athu, m'mera mpoyamba. Mwana wathu akabwera kudzafunsa chimene ayenera kufuna pa moyo uno, atipeze tili ndi yankho lopatsa moyo. Maria Woyera ndi Yosefe Woyera, amene adalera Yezu m'nyumba yosatchuka ya ku Nazarete, atipempherere ife ndi ana athu. Amen.