Kutsinzinira Diso: Mawu Okuluwika a m'Chingerezi

Lero tikambirana za diso.

Choyamba, tisiyanitse mawu awiri amene amasokoneza ana ambiri. "Blink" ndi kuphethira, pamene maso onse awiri atsekeka okha ndi kutsegukanso. Munthu amaphethira nthawi 15 kapena 20 pa mphindi imodzi osadziwa n'komwe, pakuti kutero kumanyowetsa maso ndi kuchotsa fumbi. "Wink" ndi kutsinzinira mnzako diso limodzi mwadala, ndipo kumanyamula uthenga. Mngelezi akanena chinthu nakutsinzinira diso, akutanthauza kuti akungoseka, kapena kuti pali chinsinsi chimene awirinu mukuchidziwa. Kwa iwo ngakhale agogo amatero kwa mdzukulu. Kwathu kuno mwana wotsinzinira diso munthu wamkulu timamuyesa wamwano, ndipo mnyamata wochitira mtsikana zotere panjira amadzichotsera ulemu. Tsono liwulo muliphunzire, koma mchitidwewo musamale nawo.

Kale m'Chingerezi "wink" ankatanthauzanso kutseka maso onse awiri, monga pogona. Mukagwira mfundo imeneyi, mawu otsalawa savuta. Inu a ku Kuku mukudziwa za dzinja, mvula ikagwa usiku madzi n'kulowa m'nyumba. Amayi amakweza ufa ndi zofunda patebulo, atate ndi ana nakhala akukapa madzi ndi ndowa mpaka tambala kulira. M'mawa mwana wotere angauze aphunzitsi kuti, "I did not sleep a wink," ndiko kunena kuti sanaone tulo ngakhale pang'ono. Masana atate aja akabako tulo pampando, Angelezi amati atenga "forty winks". Mwana wosadziwa angalembe kuti atate anatsinzinira diso nthawi 40, wolemba mayeso nampatsa mtanda. Palibe amene anawerenga; ndi katulo kochepa chabe.

Pali liwu lina, "hoodwink". Poyamba linali kunena kuphimba maso a munthu ndi nsalu, koma lero limanena kunyenga. Apa Chinyanja ndi Chingerezi zakumana, popeza nafenso timati wogulitsa makala amene waika zinyenyeswa pansi pa thumba, makala aakulu pamwamba, watiphimba m'maso.

Mawu amene ndifuna tikhalepo pang'ono ndi "to wink at something" ndi mnzake "to turn a blind eye". Onsewa amanena za munthu amene waona cholakwa koma wachita ngati sanaone. Pali nkhani imene Angelezi amasimba pa mawu achiwiriwa. Horatio Nelson, mtsogoleri wa zombo zawo zankhondo, anavulala diso lakumanja mu 1794, ndipo silinaonenso. Pa nkhondo ya ku Copenhagen mu 1801, mkulu wake, Hyde Parker, anamkwezera mbendera zomuuza kuti aleke kumenyana. Akuti Nelson anaika choonera patali pa diso lakufalo, nanena kuti sakuona chizindikiro chilichonse, ndipo anapitiriza nkhondo mpaka kupambana. Angelezi amamtama chifukwa cha zimenezi, koma mawuwo kawirikawiri sanenedwa poyamikira munthu. Mwana wamkulu akamalanda anzake aang'ono ndalama ya chitumbuwa, woyang'anira kalasi nayang'ana kumbali chifukwa wolandayo ndi bwenzi lake, pamenepo ndiye "he turned a blind eye". Ife timati walekerera. Ndipo ndinene mosabisa kuti nafe aphunzitsi timagwamo, pamene mwana wajomba sabata yathunthu ife osafunsa kuti ali kuti.

Aphunzitsi, wailesi ikatsekedwa musalembetse ana matanthauzo oti aloweze pamtima. Amaiwala lisanalowe dzuwa. Aimikeni awiriawiri. Wina aphethire, wina atsinzinire diso, anzawo atchule liwu loyenera. Kenaka ana atatu achite kasewero ka wolanda ndalama uja, ndipo kalasi linene m'Chingerezi chimene woyang'anira wachita. Pomaliza mwana aliyense afunse agogo kapena amayi kunyumba mawu okuluwika a Chinyanja onena za maso, abwere nawo mawa kuti muwalembe pabolodi moyandikana ndi a Chingereziwa. Tsalani bwino.