"System ili down": mau kwa ogulitsa pamsika mu Kanyama

  Ndidziwa kuti pomwe muli kundimvera tomato ali kupsa padzuwa, ndiye sindizazungulira.

Pali mau amene aliyense pano awadziwa, ngakhale agogo amene sanapondepo m'kalasi: "system ili down". Mumawamva pa booth ya mobile money, mumawamva ku banki, ndipo manje mumawamvanso ku kiliniki. Pa booth mukhoza kupita pa ina. Koma ku kiliniki muzapita kuti, mwana ali kumsana thupi lili moto? Munthu wa mu ofesi akachedwa ku chipatala, malipiro ake a pa mwezi sasintha. Inu mukakhala pa benchi kuchokera 06 mpaka 14, rape imene munaoda ku Soweto m'mamawa yafota, kasitomala wanu wagula pa tebulo la mnzanu, ndipo madzulo a chilimba afuna yawo. Wa kaloba naye sadziwa za system.

System imeneyo dzina lake ndi SmartCare. Unduna wa zaumoyo unaipanga pamodzi ndi bungwe la ku America la CDC m'zaka za m'ma 2000, nthawi imene ma ARV anayamba kuperekedwa ulere. Inayambira kwa odwala HIV, kenako inafalikira ku sikelo ya amai apakati, kwa ana, ku TB ndi ku OPD. Yadutsa m'maboma a MMD, PF, ndi UPND. Ndiye sindinabwere kukuuzani kuti kompyuta ndi yoipa, iyai. Ife a mu Kanyama tidziwa zimene madzi a mvula amachita ku pepala. Kakhadi ka mwana ka ku sikelo kakanyowa kamodzi, mbiri yonse ya katemera yapita. Tidziwanso za fayilo imene imasowa pa shelefu, munthu n'kuyambanso kufotokoza matenda ake monga mlendo. Ganizo linali labwino: mukapita ku maliro ku Petauke kapena ku Katete, mankhwala n'kuthera komweko, a ku kiliniki ya kumeneko aone zimene mumamwa, akupatseni zomwezo, osati zongoganizira.

Koma poto sakhala pa mafuwa awiri. Kompyuta ya ku chipatala ifuna malaiti, ifuna network, ifunanso munthu woisamalira. Limodzi likachoka, nsima ili pansi.

Za malaiti sindifunika kukuphunzitsani. Mu 2024 madzi anachepa ku Kariba, a Hichilema analengeza chilala kukhala tsoka la dziko pa 29 February, ndipo pofika kumapeto kwa chaka makomboni ambiri anali kuona malaiti maola atatu chabe pa tsiku. Amai a nsomba ndi a butchery, mafiriji anu akumbukira. Genset ya pa chipatala ikayaka, mafuta ake ayamba kuteteza ku theatre, ku maternity ndi firiji ya katemera, ndipo ndi mmene ziyenera kukhalira. Kompyuta ya pa registry ibwera pambuyo.

Pa network pali kanthu kamene ambiri sakadziwa. SmartCare yakale inapangidwa moganizira kuti Zambia ilibe intaneti yodalirika. Mbiri yanu inali kukhala mu kompyuta ya pa kiliniki pomwepo ndi pa kakhadi kanu ka chip, ndipo malipoti anali kunyamulidwa pa flash. Yatsopano, imene aitcha SmartCare Pro, idalira intaneti kuti zipatala zonse zione mbiri imodzi. Ubwino wake ulipo, koma tsiku limene tower ilibe malaiti kapena bundle ya pa kiliniki yatha, ba sister aona chabe kachizindikiro kozungulira pa screen.

Manje apa ndi pomwe ndifuna tiyimepo pang'ono, pa munthu. System ikagwa, odwala sabwezedwa onse kunyumba. Ba sister atenga cholembera, alemba mu register ndi pa khadi. System ikabwera, zonse zimene zinalembedwa pamanja zifunika kulowetsedwa mu kompyuta. Ntchito imodzi, kawiri. Azaichita ndani? Namwino yemweyo amene waona anthu kuyambira m'mawa osamwa ngakhale tiyi? Akalephera, mbiri yanu ikhala na mpata. Kompyuta ionetsa kuti simunabwere kudzatenga mankhwala pomwe munabwera. Mawa lake wina agogoda pakhomo panu ati mwasiya ma ARV, aneba ali kumvera.

Ambiri a achinyamata amene anali kulowetsa zimenezi, ma data clerk, sanali pa payroll ya boma. Anali kulipidwa ndi mabungwe odalira ndalama za PEPFAR. Pa 20 January 2025 Donald Trump anasaina lamulo loimitsa thandizo la kunja kwa masiku 90, ndipo ogwira ntchito ambiri a m'mabungwe otere anauzidwa kukhala kunyumba. Ena a iwo ndi anzathu amene tinaphunzira nawo ku college, ana a makomboni omwe ano. Funso langa kwa boma ndi ili: zaka pafupifupi 20 system ili m'dziko, n'chifukwa chiyani munthu wosunga mbiri ya matenda a Mzambia adikira malipiro kuchokera ku Washington? Simungamange ntemba pa plot ya mwini n'kudabwa tsiku limene akuuzani kuti choka.

Chipatala chathu cha Kanyama chinakuzidwa ndi thandizo la Japan, pamodzi ndi cha Chawama ndi cha Chipata compound, monga zinachitikira kale ku Matero ndi ku Chilenje. Tithokoza. Koma mlendo akhoza kukumangirani nyumba. Kugula ma units mwezi na mwezi ndi kwanu.

Ndiye pali nkhani ya mankhwala, imene ikuwawani kuposa zonse. Mwakhala pa mzere tsiku lonse, pomaliza akupatsani kapepala ati kagule ku chemist. Palinso system ina yowerengera mankhwala kuchokera ku ZAMMSA mpaka pa windo la pharmacy. Koma mu May 2025 kazembe wa America, a Michael Gonzales, analengeza kuti achotsa 50 miliyoni ya madola pa chaka pa thandizo la mankhwala chifukwa cha kuba. Anati anthu awo anayenda m'ma pharmacy oposa 2,000 pakati pa 2021 ndi 2023, napeza mankhwala aulere ali kugulitsidwa. Inu amene musunga kabuku ka nkhongole mudziwa bwino: buku lilemba zimene dzanja lalemba. Wothandiza pa tebulo akaba mazira awiri n'kulemba kuti anasweka, buku silizakuwa. Kompyuta nayo ndi choncho. Ngati palibe wopita kukawerenga makatoni m'stoo n'kuyerekeza ndi zimene zili pa screen, ndipo wogwidwa sapita ku khoti, tagula chabe buku lodula.

Mwina wina ati, ife ogulitsa zitikhudza bwanji za malipoti? Kumbukirani January 2018. Kolera inavuta, asilikali analowa m'misewu, malonda analetsedwa, Kanyama inaikidwa pa curfew, mpaka anthu anachita chipolowe chifukwa cha njala. Mu January 2024 abale athu anagona ku Heroes Stadium. Chipatala chikadziwa tsiku lomwelo kuti odwala a lero achokera zone iti ndipo amwa madzi a chitsime chiti, boma lipita kukatseka chitsimecho. Malipoti akachedwa, lichita mantha n'kutseka msika wonse, wosamala ndi wosasamala pamodzi.

Kachinthu kena ndi chinsinsi. Mu komboni tidziwana. Amene akhala pa kompyuta mwina ndi mwana wa a landlord anu. Lamulo la Data Protection Act la 2021 liika mbiri ya matenda pa zinthu zofunika kusamalidwa kwambiri. Koma pomwe anthu anayi agwiritsa ntchito password imodzi chifukwa kompyuta ndi imodzi, muzadziwa bwanji amene anatsegula fayilo yanu?

Zimene tifuna kukapereka ku ofesi ya zaumoyo ya Lusaka District ndi kwa a khansala si zodula. Solar ndi mabatire a registry ndi pharmacy, kuti mzere usaime ZESCO ikatenga malaiti. Ma data clerk alembedwe ntchito ndi boma. Pa chitseko cha pharmacy pakhale pepala loonetsa mankhwala amene afika ndi amene atha, kuti mai asataye tsiku pa mzere wa chinthu chimene kulibe. Ndipo system ikagwa, wina atuluke auze anthu nthawi yomweyo kuti tiyamba kulemba pamanja, osati kudikira maola awiri mwakachetechete.

Pomwe tidikira zimenezo, musataye makhadi anu akale. Ikani mu pulasitiki, ndipo amene muli na foni ya kamera jambulani khadi la mwana ndi dzina la mankhwala amene mumamwa. Polembetsa perekani dzina monga lilili pa NRC. Lero Tisa, mawa Tisauke, mwezi wamawa dzina la kwa amuna anu: kompyuta iona anthu atatu, aliyense na kachidutswa ka mbiri yanu. Ndipo chonde, musatukwane ba sister. Sindiwo anazima malaiti, ndipo nawonso akaweruka abwera kudzagula kapenta pa tebulo lanu.

Ba chairlady ali na buku. Amene munabwezedwapo kapena kukhala tsiku lonse chifukwa cha system, lembani tsiku, maola amene munadikira, ndi ndalama imene muona kuti munaluza pa malonda. Dzina la matenda musalembe, ngakhale dzina lanu ngati simufuna. Achinyamata azabwera kudzatenga bukulo pa Chisanu masana, msika ukayamba kuzizira. Kagulitseni.