Kodi Thupi la Mwana Wodwala Malungo Limatentheranji?

Mau okambidwa kwa makolo ndi aphunzitsi a ku Namwera

Dzinja likafika, madzi nadzaza m'madambo kuyambira ku Namwera kufikira ku Chiponde, ana ambiri amagwidwa ndi malungo. Mwana amanjenjemera nati akumva kuzizira, koma mai wake akamgwira pamphumi apeza kuti watentha ngati moto. Anthu ambiri amayesa kuti tizilombo ta malungo ndito timakoleza motowo. Iai, amaukoleza ndi mwini thupi.

Tizilomboti tikaswana ndi kuphulitsa maselo ofiira a magazi, maselo oyera, amene ali asilikali a thupi, amatulutsa amithenga osaoneka ndi maso, amene madokotala amawatcha ma cytokine. Odziwika kwambiri ndi TNF ndi interleukin-1. Ntchito yao ili monga ya mesenjala wa mfumu, koma sagogoda pa nyumba iliyonse. Mthenga aliyense ali ndi khomo lakelake pa khungu la selo, lotchedwa receptor, ndipo uthenga umamveka pokhapokha akafika pa khomo limenelo. Uthengawo ukamveka ku ubongo, thupi limalamulidwa kutentha, pakuti tizilombo sitiswana bwino m'magazi otentha.

Tsoka limadza pamene amithengawa achuluka. Mkati mwa mitsempha mumayamba kumata ngati ulimbo, maselo okhala ndi tizilombo nakanirira m'mitsempha ya ubongo, ndipo mwana angathe kukomoka. M'chaka cha 1989 madokotala Terrie Taylor, Malcolm Molyneux ndi anzao analengeza zimene anapeza pa ana 65 odwala malungo aakulu ku Blantyre. Ana amene anamwalira anali ndi TNF wambiri m'magazi koposa amene anachira. Pambuyo pake ku Gambia anayesa mankhwala omanga TNF. Kutentha kunatsikadi, koma imfa sizinachepe.

Makolo asanyengeke ndi Panado tsono. Iye amangoziziritsa thupi, tizilombo satipha konse. Mwana apite kuchipatala tsiku lomwelo akayezedwe magazi, ndipo akampatsa LA, mankhwala amene Boma linayamba kupereka m'chaka cha 2007, amwe masiku atatu onse ngakhale atayamba kale kusewera. Aphunzitsi nawo akaona mwana akuodzera m'kalasi, thupi lili lotentha, atumize mau kwao msanga. Mwana amene akukomoka, kapena kusanza chilichonse, kapena kukana bere, asagone naye m'nyumba podikira kuti kuche.