Pepala limachokera ku mtengo, nanga mtengowo udzamera m'munda wa yani?



Kope la mwana wathu kusukulu, thumba la simenti, ngakhale kalata muli nayo m'manjayi, zonsezi zinali mtengo. Mkati mwa mtengo muli timaulusi ting'onoting'ono tomatidwa ndi chinthu chonga ulimbo, chomwe akatswiri amachitcha lignin. Ntchito ya fakitale ndi kulekanitsa timaulusito kuti tisanduke phala, ndipo njira zake zikuluzikulu ndi ziwiri.

Yoyamba ndi yopera. Zipika amazikhuza pa chimwala chozungulira uku akuthira madzi, monga ankaperera mawere pamphero agogo athu. Njirayi inayamba ku Germany m'zaka za m'ma 1840. Siitaya mtengo: pa makilogalamu 100 a mtengo wouma pamatuluka phala la makilogalamu oposa 90. Koma imadya magetsi kwambiri, ndipo poti ulimbo uja umatsalira, pepala lake sililimba. N'chifukwa chake nyuzipepala ikakhala padzuwa imasanduka yachikasu.

Yachiwiri ndi yophika. Tizidutswa ta mtengo amatiphika m'zimathanki pa kutentha kwa madigiri pafupifupi 170, pamodzi ndi kositiki soda, yemwe amayi opanga sopo amamudziwa bwino, komanso mankhwala a salifa. Monga chidulo chimafewetsera ndiwo, mankhwalawa amasungunula ulimbo. Njirayi, yotchedwa kraft, imatulutsa pepala lolimba, koma pafupifupi theka la mtengo limathera mu msuzi wakuda. Msuziwo amauwotcha kuti apeze moto ndi kubweza mankhwala. Anthu a m'midzi yoyandikana gawo lawo limakhala fungo longa la mazira owola. Fakitale yotere imamwa madzi ochuluka, ndipo otayidwa akapanda kuyeretsedwa bwino amapha nsomba.

Mwina wina akuti, zikutikhudza bwanji ife alimi a chimanga ndi mtedza? Fakitale ya phala ndi chilombo chosakhuta, imafuna mitengo usana ndi usiku, ndipo mitengo imafuna malo. Paini wa ku Chikangawa, mahekitala oposa 50,000, wambiri anadzalidwa kuyambira m'ma 1960 kuti adyetse fakitale yomwe inkayembekezeka ku Chintheche, m'mphepete mwa nyanja. Fakitaleyo sinamangidwe. Mitengo inakhwima msika womwe anaidzalira palibe, ndipo yambiri inathera kwa ocheka matabwa ndi ku moto wolusa. Limenelo linali boma, linapirira. Nanga mlimi wa ekala imodzi akanatani?

Kwa anansi athu ku Mozambique, mu 2009 ndi 2011 boma linapatsa kampani ya Portucel malo oposa mahekitala 350,000 ku Zambezia ndi ku Manica kuti idzalepo bulugamu. Alimi ena kumeneko anadandaula kuti anataya minda. Zambezia si kutali ayi, ndi kuseri kwa Mulanje chabe.

Ife sitidana ndi mitengo, timadzala chaka ndi chaka. Koma akabwera ofuna malo kapena otilonjeza msika wa bulugamu, tisathamangire kudinda chala. Atiuze polemba: adzagula ndani, pamtengo wanji, chaka chiti? Bulugamu amatenga zaka 7 kapena kuposa asanadulidwe, nanga ana adzadya chiyani podikira? Fakitale ikalephereka, malo adzabwerera kwa eni ake? Madzi otayidwa adzalowera mtsinje uti? Ndipo pafupi ndi dimba kapena chitsime bulugamu asadzalidwe, poti amamwa madzi kwambiri.

Tikupempha atsogoleri a makalabu kuti mafunsowa akawakambirane ndi mafumu, ndipo amayi asasiyidwe kunja kwa zokambiranazo.