Kacitsulo Kamene Kaimitsa Talakita

Amuna ena akatha zaka zao pa mgodi, ku Nkana, ku Mufulira kapena ku Luanshya, amagula talakita yakale ndi ndalama zimene anasunga, napita nayo kwao kukalima. Zina mwa talakita zimenezi ndi za Ferguson, zija zazing'ono zotuwa zimene zinapangidwa ku Coventry kuyambira 1946 kufikira 1956. Ndi makina olimba ndithu. Koma m'nthiti mwa injini muli kacitsulo kozungulira, konga ndalama ya siliva, kamene kangathe kuimitsa nchito yonse m'mwezi wa Novembala, pamene mvula yagwa ndipo munda uli kudikira pulawo.

Amakaniko akacha core plug. Ena ati freeze plug, ndiko kunena cotsekera ca cisanu. Dzina laciwirili lasokeretsa anthu ambiri. Kumaiko ozizira madzi amauma m'injini nasanduka mwala, ndipo pouma amatupa monga gawo limodzi mwa magawo 11. Anthu poona kacitsuloka katatuluka m'mawa wa cisanu anayesa kuti kanaikidwa kuti kapulumutse injini. Iai, sikanaikidwire cimeneco, ndipo kawirikawiri injini imang'ambika ngakhale katatuluka.

Ciyambi cace ciri kumalo osungunulira zitsulo. Munthu amene anagwirapo nchito kumeneko adziwa kuti pofuna kusiya mphako m'kati mwa citsulo amaikamo mcenga woumba, natsanulira citsulo cosungunuka pozungulira pace. Mphako zoyendamo madzi oziziritsa injini zimapangidwa comweco. Citsulo cikazizira, mcenga uja uyenera kutuluka, ndipo utulukira m'mabowo amene anasiyidwa dala. Potsiriza amatseka mabowowo ndi tizitsulo topyapyala. Nchito yace ndi yokhayo.

Kuno madzi sauma m'injini, ngakhale pa Juni ndi Julaye; mdani wa kuno ndiye dzimbiri. Mwini talakita amati, "Mankhwala a cisanu nditani nao m'dziko lotentha?" natunga madzi a pacitsime kapena a mumtsinje, nathira m'rediyeta. Cimene iye sadziwa ndi cakuti m'mankhwala aja a antifreeze muli zina zoletsa dzimbiri. Madzi okhaokha amadya citsulo usana ndi usiku, ndipo madzi a m'madera a miyala ya laimu, monga ku Lusaka, amasiyanso nkhungu yoyera yolimba. Matope ndi dzimbiri zimaunjikana kuseri kwa cotsekera, ndipo popeza ico ndico copyapyala koposa zonse, cimayamba kubooka, kucokera m'kati. Kunja cioneka cabwino ndi utoto wace, koma catsala ngati tsamba.

Cizindikiro coyamba ndi kamzere kofiira kotsika m'nthiti mwa injini. Ena amathiramo ufa, sopo kapena dzira kuti kudontha kuleke. Kumaleka masiku awiri, koma phalalo limatseka timipopi ta rediyeta, injini nitentha koposa kale. Ndipo pamtunda monga pa migodi, mamita oposa 1,200 pamwamba pa nyanja yamcere, madzi amawira pa madigiri 96, osati 100.

Kukonza kwace sikufuna zida zambiri. Injini izizire, ndipo madzi onse akhuthulidwe. Makaniko aika panci m'mphepete mwa cotsekera, osati pakati, namenya pang'onopang'ono ndi nyundo kufikira citapendekeka. Pamenepo acigwira ndi pulayala nacizula. Wa phuma amacikankhira m'kati, momwe cikatsekereza madzi, ndipo kucivuula ndi nchito ya tsiku lonse.

Tsopano pafika pamene mmisiri weniweni adziwika. Waulesi amangokhomera catsopano. Wanzeru ayamba walowetsa waya m'bowomo, natakasa matope onse, natsuka ndi madzi kufikira atatuluka oyera. Atatero apala milomo ya bowo ndi sandipepa mpaka iwale, pakuti kadzimbiri kamodzi kotsala kadzatsegulira madzi njira. Ayesa bowolo bwino, cifukwa injini zakale za ku Britain zinapimidwa m'mainci, ndipo cotsekera ca mamilimita cingaoneke cofanana koma cosagwira.

Zotsekera ziri za mitundu iwiri. Cina ciri ngati kambale kakuya: apaka mankhwala omatira m'mbali mwace, nacikhomera ndi soketi yolowa bwino m'kati, molunjika, kufikira mlomo wace utalingana ndi injini. Cina ciri ngati ciphaphati cotukuka pakati, ndipo cichedwa Welch plug potsata kampani ya Welch ya ku Pontiac ku America: cimeneci cikhala pa kampando kace, msana uli kunja, ndipo acimenya pakati kuti ciphwatalale ndi kuluma m'mbali. Ca mkuwa wacikasu ciposa ca citsulo, popeza sicicita dzimbiri. Munthu wa ku migodi sasowa womuuza za ubwino wa mkuwa.

Zotsekera zonse za m'injini imodzi ndi za msinkhu umodzi, ndipo zinamwa madzi amodzi. Cimodzi cikabooka, zinzace ziri pafupi, cotero nkwanzeru kusintha zonse zofikirika nthawi yomweyo. Injini zina ziri naco cina kumbuyo, kuseri kwa fulaiwilo, cimene munthu sangacifikire osagawa talakita pakati. Nchito imeneyo ifuna majeki, matabwa ocirikiza ndi amuna awiri kapena atatu, ndipo nthawi yace ndi Ogasiti kapena Seputembala, zokolola zitalowa m'nkhokwe.