MTENGO WA KASITIMA KA NTHUNZI

Akuluakulu a ku Balaka amene anakula m'zaka za m'ma 1950 sanaiŵale kulira kwa sitima ya malasha. Inkamveka idakali kutali, utsi uli tolotolo pamwamba pa milambe, ndipo ikaima pa siteshoni inkapuma mwaŵefuŵefu pamene antchito a njanji anali kuimwetsa madzi. Njanji yodzera pa Balaka, yochokera ku Blantyre kunka ku Salima, inatsegulidwa m'chaka cha 1935. Pamene ina ija yopatukira pa Nkaya, kuoloka Shire pa Liwonde mpaka ku Nayuchi, inkatsegulidwa mu 1970, nthaŵi ya nthunzi inali kutha, injini za dizilo zitayamba kale kulanda malo.

Sitima za nthunzi zinachoka pa njanji zathu, koma m'maiko ambiri zidakayendabe pa matebulo. Kumeneko kuli anthu, ambiri mwa iwo aimvi, amene amasunga tisitima tofanizira sitima zenizeni, ndipo amalipira ndalama zambiri kuti apeze kamodzi kabwino. Kasitima kotere kangathe kufika kuno m'katundu wa kaunjika, kapena kupezeka m'sutukesi ya malemu agogo amene anagwira ntchito kwa azungu a njanji. Wokapeza amangoti ndi chidole, nakapereka kwa mwana, ndipo pofika madzulo mawilo ali kwaokwao. Kaŵirikaŵiri palibe chimene watayapo, pakuti tambiri ndi zidole ndithu. Koma nthaŵi zina wataya chinthu chamtengo, ndipo nkwabwino kudziŵa kusiyanitsa.

Choyamba kuyang'ana ndi dzina la wopanga, limene limadindidwa kunsi. Ku England dzina lotchuka ndi la Frank Hornby wa ku Liverpool, amene anayamba kugulitsa tisitima toyendera kiyi wopota mu 1920, ndipo mu 1938 kampani yake inatulutsa tating'ono kwambiri totchedwa Hornby Dublo. Ku Germany kuli Märklin, kampani yakale ya mu mzinda wa Göppingen. Kunalinso Bassett-Lowke wa ku Northampton, amene tisitima take tina tinkayendera nthunzi yeniyeni: madzi m'kathanki, moto wa sipiriti pansi pake. Dzina lokha silikwanira, komabe limauza wogula kuti ntchitoyo inapangidwa pa muyeso.

Muyeso ndiwo mtima wa nkhaniyi. Chidole chimangofuna kuoneka ngati sitima, pamene kasitima kenikeni kamachepetsa chiwalo chilichonse mofanana. Pa muyeso wotchedwa HO, chilichonse chimachepa ka 87. Pa wa OO, umene Angelezi amaukonda, chimachepa ka 76. Chodabwitsa nchakuti miyeso iŵiri yonseyi imayenda pa kanjanji kamodzimodzi, kotalikirana mamilimita 16.5. Pa HO kanjanjiko nkolondola. Pa OO nkopapatiza kuposa mmene kayenera kukhalira, chifukwa opanga akale anakuza thupi la kasitima kuti injini ya magetsi ikwanemo, koma njanji anaisiya momwemo. Angelezi akhala ndi chilema chimenechi kwa zaka zoposa makumi asanu ndi atatu, ndipo ambiri sachionanso.

Wodziŵa sitima amaŵerenga mawilo asanayang'ane utoto. Injini za nthunzi zimatchulidwa ndi manambala atatu. Za gulu la G, zimene Nyasaland Railways inagula itatha nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse, zinali za 2-8-2: mawilo aŵiri aang'ono otsogolera pokhota, asanu ndi atatu aakulu okoka katundu, ndi aŵiri kumbuyo onyamula ng'anjo ya moto. Kasitima kabwino kamasunga chiŵerengero chimenechi, ndipo timikono tachitsulo tolumikiza mawilo timayenda pamodzi, osakwinya, ngakhale kakamayenda pang'onopang'ono. Apa mpamene pamaonekera luso. Kuthamanga nkosavuta, chidole chilichonse chimathamanga. Koma kunyamuka mwaulemu monga inkachitira sitima yolemedwa ndi fodya ndi thonje, kumafuna injini yosalala ndi thupi lolemera bwino.

Pali matenda amodzi amene ogula amaopa. Tisitima tambiri takale tinaumbidwa ndi chitsulo chosakaniza chimene mbali yake yaikulu ndi zinki. Ngati posungunula munagwera mtovu pang'ono, chitsulocho chimayamba kutupa pakapita zaka, nkung'aluka, nkufumbutuka ngati dothi louma. Mankhwala ake palibe, ndipo chinyontho chimafulumizitsa kuonongekako. Wopeza kasitima m'nyumba yodontha ayang'anitsitse mawilo ndi chimango chake ngati mulibe timing'alu.

Chovuta kumvetsa kwa ambiri kuno nchakuti kukonza kumatsitsa mtengo. Mmalaŵi akagula njinga yakale amaipaka penti kuti ikwere mtengo, ndipo nzoona imakwera. Pa tisitima ndi zosiyana. Kokhala ndi utoto wake woyamba, ngakhale wosuwa, kamaposa kopakidwa mwatsopano, ndipo kabokosi ka pepala kamene kanabweramo, kaja ambiri angayatsire mbaula, kamawonjezera mtengo kwambiri.

Makampani aakulu aja anapanga zifanizo za sitima za ku Ulaya ndi ku America, koma za ku Balaka sanazilabadire. Njanji yathu njopapatiza, mamilimita 1,067, pamene ya ku England ndi 1,435. Wofuna kufanizira injini ya kuno molondola ayenera kuchepetsa ka 87 nkupeza kanjanji ka mamilimita 12, kapena kuchepetsa ka 64 kuti agwiritse kanjanji kofala kaja ka 16.5, monga amachitira anthu a ku New Zealand kumene njanji njofanana ndi yathu. Thupi la injiniyo ayenera kulisula yekha.

Amisiri ake alipo. Mnyamata wa ku Liwonde amene amapinda waya nkupanga lole yokhala ndi chiwongolero chokhota ndi masipuling'i ogwira ntchito wadziŵa kale theka la ntchitoyi. Chimene alibe ndi chitsanzo, chifukwa sitima imene amaiona ikuoloka Shire ndi ya dizilo, yokoka malasha a ku Moatize kunka ku Nacala. Injini zambiri za nthunzi zinadulidwa nkusanduka zitsulo zakutha. Zoŵerengeka zinapulumuka, ndipo pakati pa izo pali Thistle ndi Shamrock, zoyamba za Shire Highlands Railway, njanji imene inafika ku Blantyre mu 1908. Zinapangidwa ndi W. G. Bagnall ku Stafford. Pabwalo la nyumba yosungiramo zinthu zakale ku Chichiri paimikidwa injini ya nthunzi, ndipo mmisiri wa ku Machinga wokhala ndi tepi yoyezera, pensulo ndi kope angathe kuilemba yonse m'tsiku limodzi, kuyambira pa chumuni mpaka pa gudumu lomaliza.