Kabuku ka Zaluso ndi Aluso Ongoyamba Kumene: Mawu a Mlendo Wolemekezeka ku Ntcheu



Kabuku ka zaluso ka m'dera, monga kamene kasonkhanitsa anthu pano lero, ndi masamba ochepa amene anthu a dera limodzi amasindikizamo ndakatulo, nthano, nkhani zopeka, zojambula ndi zithunzi za zosema ndi zoumba za ana awo. Sikathamangira nkhani za tsikulo ngati nyuzipepala, ndiponso sikadikira kuti munthu ayambe watchuka ngati mmene amachitira osindikiza mabuku. Ntchito zake ndi ziwiri. Yoyamba ndi kuonetsa chimene waluso wapanga. Yachiwiri, imene anthu ambiri amaiiwala, ndi kufotokoza kumene anatenga ganizo lake ndi mmene analisulira mpaka kukhala chinthu chooneka. Pa waluso wongoyamba kumene, ntchito yachiwiriyi ndiyo yofunika koposa, pakuti m'mera mpoyamba.

Timabuku totere si tachilendo m'Malawi. M'chaka cha 1970, ophunzira ndi aphunzitsi ena a ku Chancellor College, imene nthawi imeneyo inali idakali ku Blantyre isanasamukire ku Zomba mu 1973, anayambitsa gulu la alembi lotchedwa Writers Group. Ankakumana sabata ndi sabata. Zolemba za amene afuna kuweruzidwa ankazitayipa ndi kuzichulukitsa pa makina opukusa ndi manja, n'kuzigawa m'kapepala kotchedwa The Muse. Mwini ndakatulo ankawerenga, anzake n'kuyamba kuisenda mzere ndi mzere, iye ali pomwepo. M'gulu limeneli munatuluka kabuku ka ndakatulo 39 kotchedwa Mau mu 1971, komanso magazini ya Odi imene inkalandira zolemba za m'Chingerezi ndi m'Chichewa. Jack Mapanje, Lupenga Mphande ndi Frank Chipasula, amene mayina awo anadzamveka kunja kwa dziko lino, anadutsa pa bwalo limenelo asanakhale ndi buku ngakhale limodzi. Pambuyo pake Steve Chimombo anayambitsa magazini ya zaluso ya WASI, ndipo magazini ya Moni, imene inayamba kutuluka ku Limbe mu 1964, inapatsa malo alembi ambiri oyamba kumene. Mbiri imeneyi ikuonetsa kuti alembi odziwika a dziko lino anayambira pa mapepala wamba owerengedwa ndi anthu ochepa owadziwa.

Funso loyamba limene kabuku kotere kamafunsa waluso ndi lakuti ganizo analitenga kuti. Yankho la aluso okhwima nthawi zambiri limaloza pafupi. Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, analemba Nthondo potsata moyo wa mwana wa m'mudzi wa Achewa kuyambira kubadwa mpaka ufumu ndi imfa. Bukulo linapambana mpikisano wa zolemba za m'zinenero za mu Africa, linatuluka mu 1933, ndipo chaka chotsatira linamasuliridwa m'Chingerezi. Chimombo anamanga ndakatulo zake zambiri pa Napolo, chinjoka chimene anthu a ku Zomba amati chimagumula phiri chikamasamuka. Mapanje anatola nanzikambe m'nthano za makolo, ndipo buku lake la mu 1981 linatchedwa Of Chameleons and Gods. M'masiku amenewo, pamene lamulo la mu 1968 linkapatsa bungwe la boma mphamvu yoletsa mabuku, kuphiphiritsa kwa m'nthano kunathandiza alembi kunena zimene sakanazinena poyera, ngakhale kuti Mapanje anakhalabe m'ndende ya Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991. Onsewa anali anthu owerenga mabuku a maiko ena, koma chimene anabweretsa pa pepala chinali cha kwawo. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.

Boma la Ntcheu lili ndi fodya wapamphuno wochuluka. Gwero loyamba ndi mbiri ya Angoni a kwa Maseko: ulendo wochokera kum'mwera kwa Africa, kuwoloka Zambezi, kukafika ku Songea m'dziko la Tanzania, kubwerera ndi kukhazikika ku Domwe, kuphedwa kwa Inkosi Gomani Chikuse ndi asilikali a atsamunda mu 1896, ndi kukana chitaganya kwa Inkosi Philip Gomani mu 1953. Mbiri imeneyi siili m'mabuku okha. Ili m'nyimbo za ngoma, m'ziwongo monga Maseko ndi Ngozo, ndi m'mawu a Chingoni amene anatsalira m'nyimbo pamene chinenerocho chinaleka kuyankhulidwa pakhomo. Chaka ndi chaka imaonekera pa Umhlangano ku Nkolimbo. Wojambula amene wakhala pa bwalo limenelo ndi pensulo amaphunzira zimene chithunzi cha pa foni sichingamuphunzitse: mmene phazi la wovina limakwerera ndi kutsika, fumbi limene limadzuka likamenya pansi, mmene dzanja lamanzere limagwirira chishango lamanja lili ndi chibonga, ndi mikanda ya amayi amene akuwomba m'manja kumbuyo. Wolemba nyimbo naye amamva pomwepo mmene wotsogolera amaponyera mawu ndi mmene gulu limamuvomerera.

Gwero lachiwiri ndi moyo wa tsiku ndi tsiku. Pa Lizulu msewu waukulu wa M1 ndiwo malire a Malawi ndi Mozambique, moti munthu amagula kabichi m'dziko lina n'kukwera basi m'dziko lina. Basi ikangoima, mabeseni a tomato, anyezi, karoti ndi mbatata ya kachewere amakwera okha kumazenera, mitengo ikutchulidwa mothamanga, wogula akunenerera, injini ikulira. M'mphindi zisanu zimenezo muli nkhani yopeka yathunthu. Mayi amene wathamangira basi yonyamuka kuti apereke chenji ndi mutu wa ndakatulo. Mulu wa kabichi wobiriwira pa dothi lofiira ndi phunziro la mitundu kwa wopenta. Chimodzimodzinso chisanu cha ku Tsangano, minda ya mpunga ya m'chigwa cha Bwanje, makala a m'mbali mwa msewu ndi mapiri amene akumetedwa mitengo, mnyamata amene wapita ku Joni ndi mkazi amene watsala akudikira foni. Izi ndi zimene waluso wa ku Ntcheu amazidziwa kuposa wina aliyense, ndipo wa ku Lilongwe kapena ku London sangazilembe m'malo mwake.

Gwero lachitatu ndi aluso ena. Palibe amene amayamba popanda kutsanzira. Mwana amene wawerenga Sikusinja ndi Gwenembe wa J.W. Gwengwe, Ntchito za Pakamwa wa E.J. Chadza kapena Madzi Akatayika wa Willie Zingani amayamba kulemba ngati iwo. Wolakatula amatengera mawu a amene amawamva pa wailesi, woimba amatengera zimene zili pa YouTube ndi TikTok. Kutsanzira kotere ndi sukulu, ndipo sikolakwika. Kumalakwika pamene munthu wakhazikika pomwepo, kapena pamene watenga ntchito ya mwini n'kulembapo dzina lake. Kabuku ka m'dera kamathandiza pa zonse ziwiri, chifukwa owerenga ake amamudziwa wolembayo, ndipo sachedwa kuzindikira ngati akuyankhula ndi pakamwa pobwereka.

Funso lachiwiri ndi la kapangidwe, ndipo apa ndi pamene aluso ongoyamba amasiyana kwambiri ndi okhwima. Wongoyamba amaganiza kuti luso ndi mzimu umene umamugwera munthu usiku. Wokhwima amadziwa kuti mbali yaikulu ndi kuchotsa. Wosema ndiye chitsanzo chooneka bwino. Amayamba ndi kusankha mtengo, kaya mlombwa, m'bawa kapena phingo, ndipo amaudikira kuti uume, pakuti wauwisi umang'aluka chosemacho chitatha kale. Amauzungulira, kuona kumene ukupindikira ndi pamene pali mfundo, kenaka n'kulemba ndi khala. Sompho amachotsa zikuluzikulu, tchizulo chimalowa m'makona, mpeni umatulutsa maso ndi milomo, sandipepa amasalaza, polishi amabwera pomaliza. Chimene chatsala pansi ngati zipalapala nthawi zina chimaposa chimene chatsala m'manja. Ku Mua, m'boma la Dedza loyandikana ndi Ntcheu, malo a zaluso a KuNgoni amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976 anaphunzitsa osema ambiri m'njira imeneyi, wamng'ono akukhala pambali pa wamkulu, ndipo nkhani zimene amasema n'zochokera m'miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao.

Woumba mbiya amatsata mwambo womwewo. Amakumba dongo, amalisinja, amatola timiyala timene tingaphulitse mbiya pamoto, amaumba, amasalaza ndi chitsononkho, n'kuisiya pamthunzi masiku angapo asanaiwotche. Akaithamangitsa, imasweka. Wolemba ndakatulo alibe sompho kapena dongo, koma ntchito yake ndi yomweyo. Amalemba koyamba mmene zabwerera, amasiya pepala ligone, kenaka amaliwerenga mokweza. Khutu limagwira zimene diso laphonya: mzere umene watalika mpaka mpweya kutha, mawu amene alowa chifukwa chongofuna kuti mathero amveke mofanana, mwambi umene waikidwa pamalo posayenera. Ndakatulo imene yalembedwa kamodzi n'kutumizidwa tsiku lomwelo ili ngati mbiya yosauma. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pa chifukwa chimenechi, kabuku kabwino sikasindikiza chinthu chomalizidwa chokha. Pambali pa chithunzi cha chosema kamaika mawu ochepa a mwini wake onena za mtengo umene anagwiritsa ntchito, masiku amene anatenga ndi chimene chinamuvuta. Pambali pa chojambula kangathe kuika kachithunzi koyamba ka pensulo. Pansi pa ndakatulo kangathe kunena kuti inalembedwa kangati. Mwana wa sukulu ku Kasinje kapena ku Senzani akaona zimenezi amadziwa kuti luso ndi ntchito yophunzirika, ndipo kuti kulephera koyamba ndi mbali ya ntchitoyo. Mafunso a mkonzi ayenera kukhala olunjika. Kufunsa kuti luso limatanthauzanji kumabweretsa mayankho oloweza. Kufunsa kuti mzere uti unachotsedwa, ndipo chifukwa chiyani, kumatsegula munthu pakamwa.

Mkonzi ndiye nkhoswe ya kabuku. Amasankha, amabweza zimene sizinapse, ndipo pobweza amanena chifukwa chake. Amaonetsetsa kuti masamba asadzaze ndi anyamata a pa boma okhaokha pamene atsikana ndi aluso a kwa Ganya, kwa Phambala, kwa Mpando ndi kwa Masasa akusowa malo. Amalemekezanso amene sadziwa kulemba: gogo wodziwa nthano, mayi woluka mikanda, wopeka nyimbo za ngoma, amene mawu awo angalembedwe ndi wina koma dzina likhale lawo. Kalembedwe ka Chichewa kali ndi malamulo ake, amene anayamba kukonzedwa ndi Chichewa Board yokhazikitsidwa mu 1972, ndipo ntchitoyo inapitirira ku Centre for Language Studies ku Zomba. Mkonzi amatsata malamulowo popanda kupha mawu a kuno amene amapatsa cholemba fungo la kwawo.

Palinso zazing'ono za kasindikizidwe zimene zimapulumutsa ndalama. Pepala limodzi lopindidwa pakati limapereka masamba anayi, choncho kabuku kamakhala ka masamba 8, 12, 16 kapena kupitirira motero. Makina a fotokope amapha mitundu, ndiye zojambula za inki yakuda zimatuluka bwino kuposa zopenta. Chosema chimajambulidwa pamthunzi, kumbuyo kuli nsalu yopanda maluwa. Kabuku komweko kangathe kuyenda pa WhatsApp mpaka kwa ana a kuno amene ali ku Johannesburg, komabe ka pepala n'kofunika chifukwa kamakhala mu laibulale ya sukulu ngakhale foni itatayika. Lamulo la zosindikiza limafuna kuti kope limodzi lizitumizidwa ku National Archives ku Zomba, ndipo limenelo ndilo lidzapezeke zaka 50 zikubwerazi. Umwini wa ntchito umatsala ndi woipanga. Lamulo la umwini wa zaluso la mu 2016 limauteteza, ndipo bungwe la COSOMA ndilo limayang'anira zimenezi. Palibe ndakatulo kapena chithunzi choyenera kulowa m'kabuku mwini wake asanavomere.

Timabuku tambiri timafa tikangotuluka kamodzi, chifukwa chisangalalo cha tsiku lokhazikitsa chimatha ndipo ntchito imatsalira munthu mmodzi. Mutu umodzi susenza denga. Aphunzitsi apereke kalasi ndi ola limodzi pa sabata kuti aluso azikumana ndi kuwerengerana. Mafumu atsegule zitseko za akuluakulu odziwa mbiri ndi nyimbo. Amalonda ndi khonsolo athandize ndi mapepala ndi inki. Makolo aleke kuona mwana wojambula ngati wotaya nthawi. Ndipo aluso eni ake abweretse ntchito zawo, ngakhale zimene akuziona ngati zosapsa, pakuti mbewa ya manyazi inafera kuuna. Kope loyamba latuluka. Lachiwiri liyambe kusonkhanitsidwa mawa.